Palibe botolo losungunula mwala wa mu impso

M'misika ndi m'maminibasi mwadzaza ogulitsa mabotolo oti "amasungunula miyala ya mu impso m'masiku atatu". Musawapatse ndalama zanu. Miyala yambiri imakhala ya calcium, yolimba ngati nsangalabwi. Ikakakamira m'kanjira kochokera ku impso kupita kuchikhodzodzo, palibe chakumwa chingaisungunule. Imatuluka ndi mkodzo, apo ayi amaichotsa madokotala.

Ululu wake umayambira m'mbali mwa msana, pansi pa nthiti, n'kutsikira m'chinena. Munthu amagubuduzika, kusanza, nthawi zina mkodzo n'kuoneka wamagazi. Koma magazi mu mkodzo akhozanso kukhala likodzo, n'chifukwa chake muyenera kukayezetsa osati kungoganizira.

Nanga kuchipatala amapereka chiyani? Pa ululu, diclofenac kapena ibuprofen. Amatonthoza bwino, koma mwala sausuntha. Mayi woyembekezera, wodwala zilonda zam'mimba ndi amene impso zake n'zofooka kale asamwe amenewa popanda dokotala.

Othandiza mwala kutsika ndi tamsulosin, mankhwala omwe aja amapatsidwa abambo ovutika kukodza chifukwa cha prostate. Amafewetsa minofu ya kanjira kaja kuti mwala upeze podutsa. Amamwa 0.4 mg kamodzi patsiku. Amathandiza kwambiri pa mwala wa mamilimita 5 mpaka 10, tinene ngati njere ya chimanga, umene wafika kale kufupi ndi chikhodzodzo. Timiyala tochepera apo, tonga njere ya mapira, kawirikawiri timatuluka tokha. Amabweretsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira, choncho dzukani pang'onopang'ono.

Nifedipine, mankhwala a BP, anayesedwanso pa ntchito yomweyi ndipo amachepa mphamvu poyerekeza ndi tamsulosin. Musatenge mapiritsi a agogo. Mu 2015 ku Britain anafufuza odwala oposa 1,000, ndipo pa masabata anayi mankhwala awiriwa sanasiyane kwenikweni ndi piritsi lopanda kanthu. Phindu la tamsulosin limaoneka makamaka pa miyala yokulirapo ija. Ndiye ngati mankhwala oyesedwa chonchi amangothandiza odwala ena, botolo lopanda ngakhale dzina la wopanga likulonjeza masiku atatu potengera chiyani?

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti ululu wa mwala umabwera n'kupita wokha. Mwamwa botolo lija, ululu waleka, wogulitsa watenga ulemu. Chonsecho mwala ukhoza kukhala uli pomwepo, watseka njira, mkodzo ukudzadza mu impso mwakachetechete mpaka impsoyo kuonongeka. Bactrim kapena amoxicillin wa pagolosale nayenso sasuntha mwala.

Imwani madzi okwanira kuti mkodzo uzituluka woyera. Kodzerani m'kachitini n'kusefa pa kansalu, kuti mwala ukatuluka muuone ndi maso, n'kupita nawo kuchipatala. Akatha masabata anayi osauona, bwererani akakuunikeni ndi makina, ngakhale ululu utasiya.

Koma thupi likatentha n'kumanjenjemera, kusanza kosalekeza, mkodzo kusiya kutuluka, kapena wodwalayo ali woyembekezera, musadikire kuti kuche. Mwala wotseka njira pamodzi ndi matenda a mumkodzo umapha msanga. Pezani njinga kapena galimoto, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.