Mwana akafunsa za utsi wa galimoto, musamutseke pakamwa

Makolo anzanga a kuno ku Livingstone, a ku Maramba, Dambwa, Libuyu ndi Linda, ndabwera ndi pempho limodzi. Mwana akakufunsani chifukwa chimene takisi ina ikutulutsira utsi wakuda pomwe inzake ikutulutsa wabuluu, musamuyankhe kuti "khala chete, umalongolola." Mawu amenewa amamveka tsiku ndi tsiku m'minibasi ndi pamsika, ndipo amandiwawa mumtima. Mwana wokalipiridwa kawiri katatu amaleka kufunsa, ndipo m'kalasi amakangokhala duu ngakhale sakumva zimene aphunzitsi akunena. Pajatu safunsa adadya phula.

Yankho lake silovuta. Injini ya petulo imakoka mpweya ndi mafuta, pisitoni n'kuzipanikiza, pulagi n'kuthetheka moto. Zikayaka zimakankha pisitoni, zotsala n'kutulukira ku ekizozi. Utsi wakuda ukusonyeza kuti mafuta achuluka, mpweya wachepa. Mwina fyuluta yatsekeka ndi fumbi lathuli. Wabuluu ndiye kuti oyilo akupsera limodzi ndi mafuta, kawirikawiri chifukwa maring'i a pisitoni atha. Woyera wopepuka wa m'mawa wa June kapena July ndi nthunzi chabe, umaleka injini ikatentha. Koma woyera wambiri wosaleka, gasiketi yapsa, madzi a mu ladiyeta akulowa mosayenera. Nanga malole aja opita ku Kazungula? Alibe mapulagi othetheka moto. Dizilo imayaka yokha ikapoperedwa mumpweya wopanikizidwa mpaka kutentha kwambiri. Mpatseni mwana pampu apope tayala la njinga, kenako agwire kumunsi kwake amve kufunda, ndipo ayamba kumvetsa.

Pali chifukwa china chimene chandilembetsa, ndipo ndi cha moyo ndi imfa. Mu utsi wa galimoto muli mpweya wotchedwa carbon monoxide. Suoneka, sununkha. Ukalowa m'magazi umalanda malo a mpweya wabwino, munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi tulo, kenako osadzukanso. Mpweya womwewo umatuluka mu jenereta imene timaliza magetsi akazima, komanso pa mbaula ya makala imene ena amailowetsa m'chipinda usiku wozizira n'kutseka mawindo onse. Mwana amene anafotokozeredwa bwino zimenezi sangagone ndi mbaula m'nyumba, ndipo adzachenjeza mng'ono wake. Wongouzidwa kuti "osachita" popanda chifukwa amayesa dala akuluakulu akachokapo. N'chimodzimodzi ndi chivundikiro cha ladiyeta: muuzeni kuti madzi a m'katimo ndi otentha komanso opanikizika, ndipo akatsekula injini isanazizire amuthovukira kumaso.

Mwina mukuti inu si makanika. Palibe kanthu. Nenani kuti "tiye tikafunse," mupite naye pagalaja ya pafupi Loweruka, mupereke moni mwaulemu, amisiri amuonetse pulagi yakupsa ndi yatsopano. Ambiri a iwo amakondwa akaona mwana wachidwi.

Ndipotu tauni yathu ndi yolemera pa zinthu zotere, kungoti tinazisiyira alendo. Ku Railway Museum kuli sitima zakale zoyendera nthunzi, za m'masiku amene matabwa a mukusi ankabwera pa njanji ya Mulobezi. Mwana akhoza kuona ndi maso ake poyatsira moto, pokhala madzi ndi zitsulo zozunguza mawilo. Livingstone Museum ilipo kuyambira 1934. Mlatho wa pa Victoria Falls unatha kumangidwa mu 1905, ndipo mpaka lero galimoto zikudutsapo. Funso lakuti ukulimba bwanji popanda mzati pakati ndi funso labwino zedi. Pafupi pomwepo pali siteshoni ya ZESCO yotha kupanga magetsi okwana mamegawati 108 ndi madzi a Zambezi. M'zaka za m'ma 1970 galimoto za Fiat zinkalumikizidwa mu tauni yomwe ino, pa Livingstone Motor Assemblers. Ngati m'banja mwanu muli agogo amene anagwirako ntchito kumeneko, akhazikeni pansi ndi adzukulu awo awasimbire.

Ndikupempheninso za ana aakazi. Bambo akatsekula boneti, mnyamata amaitanidwa kuti adzagwire sipanala, mtsikana n'kutumidwa kukatsuka mbale. Muitaneni nayenso. Mutu wake ndi wokwanira kuphunzira pa sukulu ya Hillcrest kapena pa koleji ya LIBES ngati mlongo wakeyo, ndipo ngati pasukulu pake pali kalabu ya sayansi ya JETS, mloleni alowe, ngakhale zitanthauze kuti tsiku limenelo afika kunyumba mochedwerako.

Chonde makolo anzanga, sabata ino mwana akakufunsani funso lotere, imitsani kaye zimene mukuchita mumumvetsere. Ngati mukudziwa, muyankheni. Ngati simukudziwa, mugwireni dzanja mupite naye kwa wodziwa.