Musanakweze magetsi, boma lilipire kaye

ESCOM ikapita ku MERA kukapempha kukweza mitengo ya magetsi, nyimbo yake ndi imodzimodzi: ndalama sizikukwana. Sindikutsutsa. Matiransifoma ndi zipangizo zina amagula kunja ndi madola, ndipo mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Koma pali funso lomwe akuluakulu amalizemba: kodi amene sakulipira ndani?

Si wometa tsitsi wa ku Ndirande ayi. Mita yake ndi yolipiriratu. Mayunitsi akatha, makina azima, kasitomala atuluka atametedwa mbali imodzi. Amene akhala zaka ndi ngongole za mabiliyoni ndi maunduna ndi nthambi za boma. Boma lomwelo ndiye mwini wake wa ESCOM, ndiyenso limasankha bodi yake. Ndiye tiuzeni, ndi bwana uti angalimbe mtima kukadula magetsi kwa amene anamupatsa mpando?

Choncho bowo lomwe boma lasiya amalitseka ndi ndalama za wometa uja, ndi zathu ophunzirafe, amene tikudikirabe ngongole ya sukulu.

MERA isanavomerenso pempho lina, itionetse kaye mndandanda: unduna uti, ndalama zingati, kuyambira chaka chiti.