Wolumidwa ndi njoka ku Milange: chomwe chimapha ndi kuchedwa

Mvula ikayamba mu Novembala, alimi m'boma la Milange amakhala m'minda tsiku lonse, ndipo ndi nyengo yomweyi imene njoka zimayendayenda. Mphiri imabisala m'zinyalala osathawa munthu, ndipo ululu wake umatupitsa ndi kuwoletsa mnofu. Njoka ya mamba yolavula malovu imalowa mpaka m'nyumba usiku kusaka makoswe. Ululu wa mbobo umafooketsa thupi mpaka munthu kulephera kupuma.

Bungwe la WHO limati anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa chaka chilichonse padziko lonse atalumidwa ndi njoka. Mu 2017 linaika vutoli pagulu la matenda onyalanyazidwa, ndipo mu 2019 linalonjeza kuchepetsa imfa ndi kulumala ndi theka pofika 2030.

Kwathu kuno nthawi imatayika panjira. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2022 anapeza kuti m'midzi ya ku Cabo Delgado ambiri olumidwa amapita kwa asing'anga. Sitingawaseke, poti sing'anga ali pafupi pamene chipatala chili kutali, ndipo misewu yafumbi imavuta m'dzinja. Komabe chomwe chimathetsa ululu m'magazi ndi antiveneno yekha, mankhwala operekedwa kudzera m'mtsempha pamaso pa achipatala, chifukwa ena thupi lawo limadana nawo.

Abale ali ndi mbali yawo. Musateme mphini pabala, musayamwe, musamange chingwe chothina. Vulani mphete ndi zibangili kutupa kusanayambe, mangirirani mwendo kapena mkono kuthabwa kuti usagwedezeke, ndipo munyamuleni wodwalayo panjinga yamoto, asayende yekha. Malovu akalowa m'maso, tsukani ndi madzi ambiri. Musataye nthawi kusaka njokayo.

Mbali ina ndi ya akuluakulu a zaumoyo. Antiveneno ndi wodula komanso wosowa mu Africa muno. Kampani ya Sanofi itasiya kupanga Fav-Afrique, mabotolo omaliza anatha mphamvu mu 2016. Banja lomwe lili ndi wodwala usiku liyenera kudziwiratu kolowera: kuchipatala chaching'ono chapafupi, kuchipatala cha boma ku Milange, kapena kuwoloka malire a Muloza monga ena amachitira. Quelimane ndi kutali kwa munthu amene akubanika. Mvula isanayambe, a zaumoyo m'boma lino alengeze pawailesi zipatala zomwe zili ndi mankhwalawa, ndipo asing'anga apemphedwe kutumiza olumidwa kuchipatala msanga.