Injini ikagogoda musathamangire kuiphwasula

Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yathu yokondedwayi kuti ndidandaule za amakaniko ena amene akangomva kaphokoso m'injini amayamba kuwerengera za m'thumba mwa mwini galimoto.

Ine ndili ndi Toyota Hilux yakale ya injini ya 3Y imene ndinagula nditalandira ndalama zopumira pantchito. Ndiyo imanyamula chimanga kupita kumsika, ndipo munthu akafooka usiku m'mudzi muno anthu amadzagogoda pakhomo panga. Itakhala dzinja lonse osayenda chifukwa cha matope, tsiku loiliza ndinamva "tcha tcha tcha" m'injini. Kugalaja ina kutauni anangotchera khutu pang'ono n'kugamula kuti injini yatha, iphwasulidwe yonse. Atatchula mtengo, ndinachita kukhala pansi.

Anandipulumutsa ndi mkulu wina wokonza mathirakitala kufupi ndi kwathu. Iye anati: "Aphunzitsi, awa ndi matapeti chabe, agwira." Matapeti ndi tizitsulo timene timakankha ndodo zotsegula mavalavu, ndipo m'injini imeneyi tilipo 8. M'kati mwa kalikonse muli kapisitoni, kasipuling'i ndi kampira kachitsulo kochepa ngati njere ya mapira. Oyilo amalowa pa kabowo kakang'ono n'kudzaza m'katimo kuti pasakhale mpata. Oyilo akada n'kukhalitsa amasanduka phula, kapisitoni kamamatirira, mpata umatseguka, basi kugogoda kuja.

Mkuluyu anawatulutsa limodzilimodzi n'kuwaika m'zitini zolemba manambala, chifukwa lililonse liyenera kubwerera pa bowo lake pomwe linazolowerana ndi camshaft. Ngakhale tizitsulo ta m'kati sanalole kuti tisakanikirane. Anawaviika m'palafini usiku wonse, m'mawa n'kuwatsuka ndi kaburashi ka mano, osati sandipepa. Limodzi linali litakumbika kunsi, ndipo limenelo lokha ndilo tinagula. Tinathira oyilo watsopano, kusintha fyuluta, ndipo patapita mphindi zochepa injini ikulira, phokoso linazimirira.

Mlandu wina ndi wanga, sindikana. Ndinkagula oyilo wa m'mabotolo m'mphepete mwa msewu, ndipo ndinkangowonjezera osakhetsa wakale. Anzanga a maminibasi, lekani zimenezi. Lekaninso nzeru yothira dizilo m'malo mwa oyilo n'kumayendetsa galimoto ati kutsuka injini. Dizilo ndi wopyapyala, satha kuteteza mabeyaring'i, ndipo zinyalala zikasweka nthawi imodzi zimakatseka sefa ya pampu ya oyilo.

Koma kwa inu amakaniko, funso langa ndi ili: mwana akalephera samu imodzi, kodi timamubweza ku Sitandade 1? Timayamba taona pomwe walakwitsa. Tsegulani kaye chivundikiro cha pamwamba, mumuonetse mwini galimoto chimene chaonongeka, kenako mutchule mtengo. Ngati ntchito ya palafini ndi kaburashi simukuifuna poti ndalama yake ndi yochepa, tiuzeni poyera tikafune wina.

Mphunzitsi wopuma,
Ntcheu.