Kodi MHRC ingafike pa doko la Kachulu?

Lamulo lopatsa Amalawi ufulu wofunsa ndi kupatsidwa zikalata za boma linadutsa m'Nyumba ya Malamulo mu Disembala 2016. Pulezidenti Peter Mutharika analisayina mu Febuluwale 2017, koma linagona mpaka pa 30 Sepitembala 2020 pomwe linayamba kugwira ntchito. Poyamba panali maganizo okhazikitsa bungwe lapadera loti lizilondera lamuloli, koma pamapeto pake udindowu unagwera bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, lomwe ambiri amangoti MHRC. Funso loti MHRC ili ndi mphamvu zokwanira kapena ayi limamveka bwino munthu akalifunsa ali kugombe la nyanja ya Chilwa, osati ku Lilongwe.

Anthu a kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji, m'mbali mwa nyanjayi, ali ndi zofunsa zambiri. Msodzi wa matemba pa Kachulu amalipira chiphaso, amasiya khoka lake nyanja ikatsekedwa mu Disembala, ndipo angafune kudziwa komwe ndalama za ziphaso zimapita. Mlimi wa mpunga ku sikimu ya Likangala angafune kuona mgwirizano wa kontilakitala yemwe anasiya ngalande isanathe. Mayi wa pachilumba cha Chisi angafunse yemwe anamufufuta m'kaundula wa Mtukula Pakhomo. Lamulo likuti aliyense wa iwowa ayankhidwe pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, ndipo akamanidwa akhoza kukadandaula mpaka ku MHRC.

Oikira kumbuyo bungweli ali ndi mfundo zolemera. MHRC inabadwa ndi malamulo aakulu a dziko lino a 1994, omwenso mu gawo 37 amapereka ufulu wopatsidwa zikalata za boma uja, choncho nduna singaithetse chifukwa chopsa mtima. Ili ndi mphamvu zofufuza, ndipo inaonetsapo kuti siopa: lipoti lake la 2019 pa nkhanza zomwe apolisi anachitira amayi ku Msundwe linatuluka boma likadali ndi mkwiyo. Bungwe latsopano likanayamba ndi lendi, magalimoto ndi malipiro a akuluakulu lisanamve dandaulo ngakhale limodzi. Nawo a Zambia, m'lamulo lawo la 2023, anapereka ntchito yomweyi ku bungwe lawo loona za ufulu wa anthu.

Koma otsutsa sakunama. MHRC inali kale ndi katundu pamutu: akaidi othithikana m'ndende, anthu achialubino, ana okwatiwitsidwa, agogo ophedwa powaganizira ufiti. Pamwamba pa zonsezo anaisanjikiza ntchito yophunzitsa ogwira ntchito m'boma, kufalitsa lamuloli m'midzi, kulandira malipoti a mabungwe ndi kuweruza madandaulo. Bungwelo lakhala likudandaula poyera kuti ndalama zimachepa, komanso kuti maofesi ambiri anazengereza kusankha munthu wolandira mafunso a anthu monga lamulo likunenera. Ku South Africa njira yomweyi yosiyira ntchitoyi bungwe loona za ufulu wa anthu anaiyesa zaka zambiri, kenako mu 2021 anasamutsira ntchitoyi ku bungwe lina, la Information Regulator.

Ndiyeno pali mtunda. Mayi wa ku Chisi uja ayenera kulipira bwato mpaka pa Kachulu, akwere galimoto kapena kabaza makilomita pafupifupi 30 kukafika ku Boma ku Zomba, akapeze kuti woyenera kumuyankha wapita kumsonkhano. Ndalama yaulendoyo ndi ya ufa wa sabata. Akabwerera chimanjamanja, dandaulo lake silifika ku Lilongwe, ndipo m'mabuku a MHRC mumaoneka ngati ku Chilwa kulibe womanidwa. Apa m'pomwe pamandiwawa kwambiri, chifukwa kuchepa kwa madandaulo kumasanduka chifukwa choperekera ndalama zochepa.

Ine ndikayeza mbali ziwirizi, sindikuona kuti kusintha dzina pachikwangwani kungafupikitse msewu wa Kachulu. Bungwe lapadera lopatsidwa ndalama zoperewera lingakhalenso ku Lilongwe komweko. Komabe sindingavomereze zoti zinthu zili bwino. Aphungu apatule ndalama za ntchito imeneyi pazokha mu bajeti ya MHRC, zooneka ndi maso chaka chilichonse. Khonsolo ya Zomba imate dzina ndi nambala ya wolandira mafunso pa Kachulu, pa Jali ndi pa Govala, ndipo wailesi ya Chanco izizitchula. Makomiti a m'madoko ndi a chitukuko cha m'midzi aphunzitsidwe kulemba funso ndi kuwerenga masiku 15 aja. MHRC nayo izitulutsa mayina a maofesi okana kuyankha. Zikachitika izi zaka zingapo koma madandaulo n'kumangounjikana osaweruzidwa, pamenepo ofuna bungwe lapadera adzakhala ndi umboni wokwanira, ndipo ine ndidzakhala nawo.