Kanema akamangozungulira pa foni, musathamangire kunena kuti ndife mbuli

 Lero sindikamba za mtengo wa feteleza ayi. Ndili ndi mlandu wina, ndipo ena mwa inu mukhumudwa nawo, koma mundipirire, mawuwa andikhala pakhosi kuyambira mwezi wa February.

Mukudziwa m'mene kumakhalira kuno ku Bembeke mvula ikakhazikika. M'mawa nkhungu, masana mawawa, usiku chisanu. Imeneyi ndiye nyengo ya chiwawu. Tsiku lina ndikuyendera kachewere wanga ndinapeza masamba ayamba kuda m'mphepete, kunsi kwake kuli tinthu toyera ngati ufa. Amene munalimapo kachewere mukudziwa kuti matendawa sachedwa. Sabata imodzi kapena ziwiri, munda umaoneka ngati wapsa ndi moto. Ndinajambula masambawo n'kutumizira mwana wa mlongo wanga amene amakhala ku Area 25. Iye sanachedwe, ananditumizira kanema wa pa YouTube, akuti muli zonse, kasungunulidwe ka mankhwala ndi kapoperedwe kake.

Mwana yemweyu ndi amene anandibweretsera kabokosi ka WiFi pa Khirisimasi, kaja kokhala ndi simu m'kati, kuti ine ndi mayi akunyumba tizilumikiza mafoni athu awiri pa bandulo imodzi. Amatigulira bandulo mwezi ndi mwezi, ndipo pamenepo ndimamuthokoza. Ndiye ndinadina kanema uja. Kanthu kaja kanayamba kuzungulira pakati pa foni. Kuzungulira, kuzungulira, mpaka nsima inandizizirira m'mbale. Chizindikiro cha WiFi chodzaza, mizere yonse. WhatsApp ikulowa bwinobwino. Koma kanema yekha, ayi ndithu.

Nditamuuza, yankho lake linali lakuti, "Aaa amalume, inu mafoni simuwadziwa. Ingodinani basi, kuno ikuonetsa bwinobwino." Mawu amenewa ndi amene andilembetsa zonsezi. Chifukwa cha manyazi sindinamufunsenso. M'mawa mwake ndinapalasa njinga kupita kwa mnyamata wina wochajitsa ndi kukonza mafoni. Sanafunse funso ngakhale limodzi. Anangoti foni yalowa vayirasi, ikufunika kufulasha, K5,000. Ndinalipira. Foni inabwera yoyera ngati yatsopano. Zithunzi za ukwati wa mwana wanga, kulibe. Manambala a mavenda amene amandigula kachewere, amene ndinasunga m'foni osati mu simu, kulibe. Ndafika kunyumba, ndalumikiza ku kabokosi, kanthu kaja kakuzungulirabe.

Amene anandimasula ndi aphunzitsi ena a ku sekondale yoyendera, titakumana potuluka m'tchalitchi. Iwo foni sanaitsegule n'komwe. Anangondifunsa kuti, kodi m'kabokosimo muli bandulo yanji? Titaona, inali ya WhatsApp ndi Facebook yokha, yotchipa ija. Bandulo yotere YouTube siitsegula, ngakhale mutadina mpaka chala kutupa. Ndiye kuti amene anagula bandulo yolakwika ndi yemwe uja amati amalume sadziwa foni! Tinagula ya intaneti yonse. Kanema anayamba, koma akuimaima. Aphunzitsi anafunsanso komwe kabokosi kamakhala. Ndinati kuchipinda, pa sutikesi. Anandiuza ndikakakweze panja, mbali yomwe kuli nsanja ya netiweki. Ndinakaika pamwamba pa nkhokwe, iwo n'kutsitsa kuyera kwa chithunzi, kanema anayenda mpaka kumapeto.

Tsono tamverani chimene ndinaphunzira, kuti inu musataye ndalama ngati ine. Mizere ya WiFi ija imangokuuzani kuti foni ndi kabokosi zikumvana. Siikuuzani zoti kabokosiko kakumvana ndi nsanja, kapena zoti muli bandulo. Zili ngati mthirira wa kudimba. Paipi ingakhale yatsopano yosabooka, koma ngati kumtsinje madzi aphwa, kumapeto kwake kumangodontha. Uthenga wa WhatsApp uli ngati kapu ya madzi, ngakhale podontha imadzaza. Kanema ndi mgolo. Ola limodzi la kanema woyera kwambiri limatha kudya gigabayiti yathunthu kapena kuposa. N'chifukwa chake mauthenga amalowa koma kanema n'kumakana, ndipo apa palibe vayirasi, palibe ufiti, palibenso umbuli.

Kanema akakana, musanapite kwa aliyense, yambani mwaona bandulo, ngati ilipo komanso ngati ili ya intaneti yonse. Kenako zimitsani kabokosi ndi foni, dikirani pang'ono, muyatsenso. Tulukani nako panja pokwera, chifukwa malata ndi makoma zimatchinga, nanji kuno kumene kuli mapiri mbali zonse. Phiri la Dedza lokha ndi lotalika kuposa mamita 2,000, ndipo amene muli m'zigwa kuseri kwa zitunda mukudziwa kuti pena netiweki timaipeza pachulu. Ngati mukugwiritsa ntchito simu ya m'foni, yang'anani kachilembo kali pamwamba. Pakalembedwa E, iwalani za kanema, pamafunika H kapena 4G. Onaninso deti ndi nthawi ya foni. Mafoni ena batire ikathera pansi amabwerera chaka chakale, ndipo deti ikalakwika zambiri za pa intaneti zimakana kutseguka. Onani ngati foni siinadzaze ndi makanema a m'magulu a WhatsApp. Ikadzaza fufutani osafunika, ndipo muletse zija zomangolowa zokha. Pa YouTube dinani kachizindikiro ka giya musankhe 240p kapena 360p. Chithunzi chimachita mbuu pang'ono koma mawu amamveka, ndipo bandulo imakhalitsa. Zikakanikabe, lowani mu Settings, pa Apps, musankhe YouTube, mudine Clear cache. Zimenezi sizifufuta zithunzi zanu. Ndipo inu okhala m'mphepete mwa malire, kapena mukapita kumsika wa Lizulu, chenjerani, foni imatha kugwira netiweki ya ku Mozambique inu osadziwa. Pamenepo bandulo yakuno siigwira ntchito. Zonsezi n'zaulere. Kufulasha ndi chinthu chomaliza, ndipo musanalole, manambala anu akhale atalembedwa m'kope.

Tsopano ndibwere kwa inu a m'tauni. Inu mumakhala pamene nsanja zili mbali iyi ndi iyo, ena muli ndi WiFi ya kuofesi yomwe simulipira. Mukaona kanema wa mphindi makumi awiri mumangokankhira ku gulu la banja, osaganiza kuti kuno ndani alipire. Kanema wa phwando, kanema wa mlaliki, kanema wa pusi akuvina. Tikapanda kuyankha mumati akumudzi ndi otsalira. Kodi munayamba mwafunsapo kuti bandulo imene yathera pa pusi uja tinaigula titagulitsa chiyani? Kuno ndalama ya intaneti imachokera m'chidebe cha nyemba. Ndipo foni ikathima sitimangoilowetsa pakhoma, timadikira dzuwa pa sola kapena kukalipira kochajitsa.

Chinandiwawa kwambiri n'chakuti kanema uja, nditamuona pamapeto pake, anali wa m'Chingerezi, mzungu akupopera munda ndi thirakitala. Ine wa pampu ya kumsana ndipindulapo chiyani? Zofunika zonse zikanakwana m'mawu a mphindi imodzi: chotsa zomera zimene zagwidwa kwambiri, popera masamba atauma, ufike ndi kunsi kwa masamba, ubwerezenso malinga ndi zolembedwa pa paketi, mvula ikatsuka upoperenso. Ndiye pempho langa ndi ili. Mukapeza kanema wothandiza, muonereni inuyo komweko, kenako mutijambulire mawu m'Chichewa, kapena mutilembere. Mukafuna tione ndi maso, tumizani chithunzi chimodzi. Ndipo m'bale wanu akati sizikutheka, mufunseni kuti foni ikuonetsa chiyani. Musamuyankhe kuti kuno zikutheka. Kumeneko si kuno.

Kwa inu anyamata okonza mafoni, sindikunena nonse, ena mumagwira ntchito yabwino ndipo timakudalirani. Koma chizolowezi chomangoti vayirasi pa vuto lililonse chithe. Dokotala sang'amba munthu mimba chifukwa cha chimfine. M'foni ya mlimi muli msika wake, muli nkhope za abale ake amene ena anatisiya. Ngati simukudziwa chavuta, nenani kuti sindikudziwa. Tidzabweranso mawa ndi foni ina chifukwa cha chilungamo chanucho.

Palinso mbali ya akuluakulu. Masiku ano aliyense akuti mlimi azipeza ulangizi pa foni, mitengo ya mbewu pa foni, zanyengo pa foni. Zabwino. Koma mu 2015 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa intaneti ndi mauthenga a pa foni, pamwamba pa VAT. Mu 2020 achinyamata anachita phokoso ndi mawu aja akuti Data Must Fall, ndipo mitengo inatsikako, umboni wakuti anthu akalankhula zinthu zimasuntha. Kenako mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, foni, sola ndi batire zonse n'kukwera. Lamulo la zamauthenga la 2016 linakhazikitsa thumba lotchedwa Universal Service Fund, pansi pa MACRA, loti lizithandiza kufikitsa netiweki kumadera kumene makampani saonako phindu. Thumba limeneli ndi lathu, ife a m'zigwa ndi kuseri kwa mapiri. Aphungu ndi makhansala akabwera pamaliro kapena pamsonkhano, tisamangowafunsa za makuponi okha. Tiziwafunsanso kuti dera lathu lili pati pa ndondomeko ya nsanja. Nafenso msonkho uja timalipira pa bandulo iliyonse, ngakhale ija yothera pa kanthu kozungulira.

Nane ndili ndi mlandu wanga, ndisabise. Masiku anayi ndinataya ndikulimbana ndi foni, chonsecho pafupi ndi ine pali agogo amene alima kachewere kuyambira ndisanabadwe, ndipo alangizi ndikanatha kuwapeza ndi njinga yomwe ija. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, koma ndinafunsa kutali n'kusiya pafupi. Pamene ndimapopera, mizere ya kumunsi kwa munda inali itapita kale, ndipo ndinakolola mochepera kwambiri poyerekeza ndi chaka chatha. Chiwawu sichidikira netiweki, abale. Mukaona masamba ada, thamangirani kwa munthu, foni ibwere pambuyo.

Mwana wa mlongo wanga uja tinakambirana, anapepesa, ndipo pano amanditumizira mawu m'malo mwa makanema. Bandulo akugula yoyenera. Kabokosi ndinakapangira kashelefu pansi pa denga la nkhokwe, mvula isakanyowetse. Manambala a mavenda ndikuwatolera pang'onopang'ono, ulendo uno m'kope la sukulu la mdzukulu wanga. Zithunzi za ukwati zokha ndiye zinapita. Amene munalipo tsiku lija ndipo munajambula, chonde nditumizireni, koma chimodzichimodzi, ndipo kanema wa magule musatumize, ndidzaonera pa foni yanu mukadzabwera kudzatenga kachewere.

Ndine wanu uja wa ku Bembeke.