Gasi akudutsa, ife tikuyatsabe kandulo

Inu amene mumakolopa m'nyumba za eni ku Johannesburg, ndi inu amene mumathyola mphesa ndi malalanje m'mafamu, mwamva nduna ndi akuluakulu a makampani akutamanda gasi kuti ndiye adzatiwombola ku utsi wa malasha. Pa mfundo imodzi sakunama: gasi akamayaka popanga magetsi amatulutsa pafupifupi theka la mpweya wotenthetsa dziko umene malasha amatulutsa, ndipo sasiya phulusa longa limene limakuta midzi ya ku Mpumalanga. Chimene satchula n'chakuti gasi wothawa m'mapaipi asanayake amatenthetsa dziko koposa. Ife amene tinaika maliro a abale athu namondwe Freddy atawomba mu 2023 sitingaitenge nkhaniyi mopepuka.

Koma funso langa lalikulu ndi lina. Kodi magetsi oyerawo ndi a yani?

Kuyambira 2004, gasi wa ku Pande ndi Temane, m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, wakhala akuyenda m'paipi ya makilomita 865 kukafika ku Secunda, kumafakitale a Sasol. Zaka makumi awiri zapita, koma anyamata a ku Inhambane akuwolokabe malire kudzafuna maganyu kuno. Kumpoto, ku Cabo Delgado, mabanja a alimi ndi asodzi anasamutsidwa ku Afungi kuti ntchito ya TotalEnergies ipeze malo. Zigawenga zitaukira tauni ya Palma mu 2021, kampaniyo inaimitsa ntchito n'kuchotsa antchito ake. Anthu wamba anathawa wapansi ndi pa mabwato. Chaka chotsatira, sitima yoyamba yonyamula gasi wa m'nyanja ya kumeneko inanyamuka ulendo wa ku Ulaya. Mwini nthaka anatsala ndi nkhuni zake.

Musanamizidwe kuti izi n'za anthu ophunzira okha. Magetsi akakwera mtengo, woyamba kuzimitsiridwa ndi inu wa kachipinda ka kuseri, amene mumasita zovala za abwana tsiku lonse koma madzulo n'kuphika pa chitofu cha parafini. Boma la South Africa limapereka mayunitsi 50 aulere pamwezi kwa mabanja osauka, komatu amapita kwa amene ali ndi mita m'dzina lake. Wantchito wa pafamu ali nayo mita?

Pamene akuluakulu akukangana za gasi, gwirani chimene lamulo linakupatsani kale. Ku South Africa, mwini famu saloledwa kudula zoposa 10 peresenti ya malipiro anu chifukwa cha nyumba, ndipo ngati pafamupo pali magetsi, sayenera kudula kalikonse pokhapokha magetsiwo atalowa m'nyumba mwanumo. Lamuloli limateteza ndi mlendo yemwe. Yang'anani pepala la malipiro anu mwezi uno. Ngati akudulani koma mukugona mumdima, sungani pepalalo, itanani anzanu awiri kapena atatu, mupite nalo limodzi ku ofesi ya zantchito.